Kayezetseni dothi, kenako munda ukuyankheni wokha

Chimanga chikamakanika kukula ngakhale mwathira feteleza, ambiri amathamangira kunena kuti feteleza wa masiku ano ndi wosagwira. Nthawi zina vuto limakhala nthaka: asidi wachuluka, mizu ikulephera kutambasuka, ndipo michere imene mwagula ndi ndalama zanu ikungomangika m'dothi. Njira yodziwira zoona ili pawiri. Choyamba dothi lipite ku labotale. Chachiwiri, zimene labotale yanena muziyese pa kachigawo kochepa ka munda musanagule laimu (mwala wogaya wochepetsa asidi m'nthaka) wa munda wonse.

Potenga dothi ndi pamene zambiri zimalakwika

Ku labotale amayeza kadothi kosadzaza n'komwe supuni, ndipo kadothi kameneko ndi kamene kamalankhulira munda wanu wonse. Mukatapa pamalo amodzi, pepala la zotsatira lidzabwera ndi nkhani ya malo amodziwo basi.

Nthawi yabwino ndi mukangokolola, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, musanaunde mizere yatsopano. Mukadikira Novembala, zotsatira zidzakupezani mutabzala kale, ndipo laimu sathira chimanga chili m'mawondo.

Yambani mwauyendera munda ndi maso. Kumene kuli katondo wofiira ndi gawo lake, kumene kuli mchenga ndi gawo lake, kumunsi kwa makande koyandikira dambo nakonso kukhale pakokha. Chimodzimodzi kumene munalimako fodya n'kumathirako feteleza wambiri, musakuphatikize ndi kumene kwakhala chimanga chokhachokha. Gawo lililonse lipereke phukusi lake. Kuphatikiza katondo ndi mchenga m'thumba limodzi kumabala nambala ya nthaka imene kulibe m'munda mwanu.

Tengani khasu kapena fosholo yotsuka bwino, ndowa yapulasitiki, ndi mapepala apulasitiki atsopano. Ndowa yamalata isiyeni kunyumba chifukwa malata amakutidwa ndi zinki, ndipo zinki ndi umodzi mwa michere imene akayeze. Thumba lomwe munali feteleza, ngakhale mutalikung'untha chotani, nalonso limanamiza.

Yendani mokhotakhota kuchokera kungodya ina kukafika kwina, ndipo muime malo 15 mpaka 20. Paliponse palani zinyalala za pamwamba osachotsa dothi, kumbani kadzenje kozama masentimita 20, kenako sengani kachidutswa kopyapyala m'mbali mwa dzenjelo kuchokera pamwamba mpaka pansi. Kachidutswa kalikonse kakhale kofanana kukula ndi kanzake, apo ayi malo amodzi adzalamulira ena. M'munda wa mizere, tapani m'nthiti mwa mzere, pakati pa mapando awiri, kutali ndi pamene munaboola pothira feteleza. Fosifolasi, umodzi mwa michere ya mu feteleza, sayenda m'nthaka, ndiye mukatapa pomwe munathira mudzauzidwa kuti munda ndi wolemera pomwe uli ndi njala.

Pali malo oyenera kuwalambalala: pachulu, pamene munaunjika manyowa, pamene munatentha mapesi pali phulusa, pansi pa mtengo wa nsangu, m'mphepete mwa njira, ndi pamene panali khola kapena nyumba yakale. Onsewa amakhala ndi chonde choposa munda wonse, ndipo phulusa limakweza kwambiri pH, nambala yosonyeza kuchuluka kwa asidi m'nthaka.

Ngati mukufuna kubzala mitengo ya zipatso, kapena mukukayikira kuti asidi ali pansi, tapaninso kuyambira masentimita 20 mpaka 40 m'maenje omwewo, koma dothilo lipite m'ndowa ina.

Phwanyani zibuma, chotsani miyala ndi mizu, sakanizani bwinobwino. Yalani dothi pa pulasitiki, ligaweni panayi, tayani magawo awiri oyang'anizana, sakanizani otsalawo, bwerezani mpaka litatsala la theka la kilogalamu. Ngati ndi lonyowa liumitseni pamthunzi podutsa mphepo. Osaliyanika pamoto kapena pamalata otentha. Lembani mapepala awiri ndi pensulo, lina mkati lina kunja: dzina, mudzi, gawo la munda, kuzama, mbewu ya chaka chatha, feteleza amene munathira, ndi mbewu imene mukufuna kubzala. Inki ya bolopeni imasungunuka ikakumana ndi chinyontho.

Dothi amayeza ku malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze ku Lilongwe, Bvumbwe ku Thyolo ndi Lunyangwa ku Mzuzu, komanso ku bungwe la kafukufuku wa fodya la ARET ndi ku sukulu ya ukachenjede ya zaulimi ya Bunda. Alangizi a ku ofesi ya zaulimi ya dera lanu (EPA) angakuthandizeni katumizidwe kake. Pakalabu zimapepuka chifukwa munthu mmodzi amanyamula maphukusi a onse.

Pepala likabwera

Nambala yoyamba kuiyang'ana ndi pH. Pa 7 nthaka ili pakatikati, kutsika mmunsi ndiye asidi akuchuluka. Musapusitsidwe ndi kuyandikana kwa manambala: nthaka ya pH 5 ili ndi asidi wochuluka kakhumi kuposa ya pH 6. Chimanga chimachita bwino kuyambira cha pa 5.5 mpaka 7. Kutsika pa 5.5 aluminiyamu wa m'dothi amayamba kusungunuka. Mizu ikakumana naye imafupika, imanenepa kunsonga ngati zala, ndipo siipita pansi kukafuna madzi, n'chifukwa chake chimanga cha m'nthaka yotere chimafota msanga kukachita ng'amba ya masiku ochepa. Nayenso fosifolasi amagwidwa ndi aluminiyamu ndi ayironi, mbewu osamupeza.

Onaninso kuti pH anayeza m'madzi kapena m'mankhwala otchedwa calcium chloride. Njira yachiwiriyi imatulutsa nambala yotsikirapo, kawirikawiri ndi theka kapena kupitirira pang'ono. Anthu ena agulapo laimu wosafunikira chifukwa chosawerenga mutu wa ndandanda.

Asidi amachuluka kumadera a mvula yambiri monga Mulanje, Thyolo ndi Nkhata Bay, kumene madzi amatsuka kashiamu ndi maginesiyamu kupita nazo pansi. Koma ngakhale kuchigwa kouma, kuthira yureya chaka ndi chaka popanda manyowa kapena kukwirira mapesi kumatsitsa pH pang'onopang'ono. Tiyi ndi imodzi mwa mbewu zimene zimakondwera ndi nthaka yotere.

Zina za pa pepalalo, monga fosifolasi, potaziyamu ndi kuchuluka kwa zowola m'nthaka, pemphani kuti akulembereni malangizo ake m'makilogalamu pa hekitala. Masamba nawonso amachitira umboni: akunsi akamachita chikasu kuyambira kunsonga kutsata msempha wapakati ndi naitirojeni, akamafiirira mopita ku pepo chimanga chili chaching'ono ndi fosifolasi, ndipo mizera yoyera pa masamba anthete imaloza ku zinki.

Kuyala munda woyeserera

Tinene kuti pepala lati pH ndi yotsika ndipo muthire laimu tani imodzi pa hekitala. Amenewo ndi matumba 20 a makilogalamu 50, kuwonjezapo mtengo wonyamulira. Musanatulutse ndalama zotere, yesani njira zitatu: feteleza yekha monga mwa masiku onse, feteleza ndi laimu, komanso feteleza ndi manyowa. Njira yoyambayo ndiyo muyezo wanu. Popanda iyo simudzadziwa ngati zokolola zakwera chifukwa cha laimu kapena chifukwa choti mvula inagwa bwino.

Ndime iliyonse ikhale ya mizere 8 yotalika mamita 10, yotalikirana masentimita 75. Zimenezi ndi masikweya mita 60. Njira iliyonse ibwerezedwe katatu, ndiye ndime zonse zikhala 9. Apa ndi pamene ambiri amafuna kudula njira, amvekere ndime zitatu zakwana. Sizikwana. Ndime imodzi ikhoza kugwera pamene kale panali chulu, inu n'kuyamikira laimu pa ntchito ya chiswe.

Ziyaleni m'magulu atatu motsata kutsetsereka kwa malo: gulu lakumtunda, lapakati ndi lakumunsi, ndipo gulu lililonse likhale ndi njira zonse zitatu. Kuti ndime iti ilandire chiyani, chitani maere. Lembani timapepala titatu, ponyani m'chipewa, mwana atole. Bwerezani pa gulu lililonse. Mukasankha nokha, dzanja limakankhira njira imene mukuikonda pamalo abwino ngakhale musakufuna. Siyani kanjira ka mita imodzi pakati pa ndime, khomani zikhomo zolimba m'ngodya zonse, ndipo jambulani mapu mukope. Zikwangwani za m'munda zimazulidwa ndi ana kapena kudyedwa ndi chiswe, koma kope limatsala.

Tani imodzi pa hekitala ndi magalamu 100 pa sikweya mita, choncho ndime ya laimu ilandire makilogalamu 6. Akhale laimu wa ulimi, mwala wogaya wosalala ngati ufa. Wopakira nyumba ndi wina, amawotcha manja ndi mbewu zomwe. Ngati pepala lasonyeza kuti maginesiyamu ndi wochepa, funsani wa mtundu wa dolomite, yemwe amakhala ndi maginesiyamu. Gawani laimuyo pawiri, theka muwaze choyenda mulitali, theka choyenda mopingasa, tsiku lopanda mphepo. Kenako gaulani kuti asakanikirane ndi dothi la masentimita 15 mpaka 20 musanaunde mizere. Laimu wongotsala pamwamba amakonza kachikopa ka pamwamba pokha, mizu n'kumavutikabe pansi. Thirani miyezi iwiri kapena itatu mvula isanayambe, podziwa kuti ntchito yeniyeni amaiyamba nthaka ikanyowa.

Musaonjeze mlingo poganiza kuti wambiri ndiye wabwino. Makamaka pamchenga, laimu wopyola muyezo amakweza pH mpaka zinki amasowa, vuto lina n'kulowa m'malo mwa linzake.

Ndime ya manyowa ilandire makilogalamu 30 a manyowa opsa bwino, omwe ndi matani 5 pa hekitala. Yezani pasikelo, ndipo onse achokere mulu umodzi.

Zina zonse zifanane

Mbewu ikhale ya mtundu umodzi, yobzalidwa tsiku limodzi, njere imodzi paphando, mapando otalikirana masentimita 25. Mzere uliwonse ukhala ndi mapando 40, ndime yonse 320, zomwe pa hekitala ndi mbewu zoposa pang'ono 53,000. Pamene sipanamere pakizani m'sabata yoyamba.

Matumba awiri a feteleza wokulitsa wa 23:10:5+6S+1Zn ndi atatu a yureya pa hekitala amapereka makilogalamu 92 a naitirojeni. Pa ndime yanu amenewo ndi magalamu 600 a wokulitsa ndi 900 a wobereketsa. Kuyeza ndi chitsekerero cha botolo paphando lililonse kumasiyana malinga ndi dzanja la wothira, ndiye yezeranitu wa mzere uliwonse, magalamu 75 a wokulitsa ndi pafupifupi 112 a yureya, mumange m'timapepala. Kapepala kamodzi kathere pamzere wake. Wokulitsa alowe pobzala kapena chimanga chikangomera, yureya patatha masabata atatu kapena anayi, m'kadzenje ka masentimita 10 kuchokera pa tsinde, n'kukwirira. Yureya wosakwirira amathawira mumpweya, ndipo amathawa kwambiri pamene pali laimu, zomwe zingachititse ndime ya laimu kuoneka yolephera popanda mlandu.

Kupalira, kubandira ndi kuthira mankhwala a mbozi kuchitike tsiku limodzi pa ndime zonse. Ngati dzuwa likuthera, malizani gulu lathunthu, lina mawa, osasiya gulu lili theka. Lembani mukope tsiku lililonse la ntchito, masiku a mvula, ndi ndime zimene mwatuluka kaufiti kapena mwalowa ziweto. Ndipo apabanja auzidwe poyera kuti mondokwa wa m'ndime zimenezi saotcha. Zisononkho khumi zothyoledwa m'ndime imodzi n'zokwanira kusokoneza ntchito ya chaka.

Kukolola ndi kuwerengera

Musakolole ndime yonse pamodzi. Mizere iwiri yam'mbali ndi mita imodzi kumapeto onse awiri zimadya za ndime yoyandikana nayo komanso zimalandira dzuwa lochuluka, ndiye zichotseni kaye zipite kunkhokwe. Zotsala ndi mizere 6 ya mamita 8, masikweya mita 36, mapando 192. Werengani mapesi amene aimadi. Ndime yokhala ndi mapesi 140 singapikisane chilungamo ndi ya 190, ndipo chiwerengerocho chidzakuthandizani kumvetsa kusiyana.

Ndime iliyonse ilowe m'thumba lake lolembedwa. Tonolani, yanikani zonse masiku ofanana, kenako yezani pa sikelo imodzi. Chimanga chosauma chimalemera ndi madzi. Ngati mulibe kachipangizo koyezera chinyontho, ikani njere zodzaza dzanja m'botolo lagalasi louma pamodzi ndi supuni ya mchere wouma, khutchumulani, dikirani pang'ono. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa.

Kuti mupeze zokolola pa hekitala, chulukitsani kulemerako ndi 278, ndipo pa ekala ndi 112. Tiyerekeze kuti ndime yatulutsa makilogalamu 12: pa ekala ndi pafupifupi makilogalamu 1,350, matumba 27.

Musathamangire kuphatikiza manambala. Yang'anani gulu lililonse palokha. Ngati laimu wapambana feteleza yekha kumtunda, pakati ndi kumunsi komwe, muli ndi chogwira. Ngati wapambana kwambiri gulu limodzi koma kwina wagonja, kapena kusiyana kwake n'kochepa kuposa mmene ndime zitatu za feteleza yekha zikusiyanirana zokhazokha, simunaone kanthu, ngakhale chiwerengero chapakati chikuoneka chokoma. Kenako matumba oonjezerekawo muwasandutse ndalama pa mtengo wa nthawi yokolola, osati wa mu Febuluwale, n'kuchotsapo mtengo wa laimu, thiransipoti ndi aganyu.

Zikhomo zija musazule. Laimu amagwira ntchito kwa zaka zingapo ndipo chaka choyamba sichionetsa mphamvu yake yonse, makamaka ngati munathira mochedwa. Chaka chachiwiri bzalaninso m'ndime zomwezo osathiranso laimu, muyeze monga poyamba, ndipo mukakolola tapani dothi la ndime za laimu palokha ndi la ndime za feteleza yekha palokha, mutumize ku labotale yomwe ija kuti muone pamene pH yafika.