Musayese mlimi ndi ndalama zomwe mwamupatsa m'mawa womwewo

Chaka chino ndazionanso. Achinyamata a kafukufuku afika m'mudzi mu Julayi, nkhokwe zili zodzaza, anthu angogulitsa soya ndi mtedza. Awakhazika pabwalo la amfumu, aliyense envelopu yake m'manja, kenako funso: mutenga ndalamazi kapena mbewu yamakono? Pafupifupi onse akuti mbewu. Lipoti n'kulembedwa kuti alimi ndi okonzeka kugula.

Okonzeka liti? Mbewu imagulidwa mu Novembala, ufa utatsala pansi pa thumba, fizi ya mwana isanathe kulipidwa. Ndalama ya mu envelopu siwawa potulutsa ngati ya ganyu. Ndiye pamaso pa amfumu ndi alendo obwera pagalimoto, ndani angaimirire n'kunena kuti ine ndipatseni ndalama?

Izitu si zachilendo. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2013 anayesa alimi a nzimbe 464 ku Tamil Nadu, m'dziko la India. Anthu omwewo anakhoza bwino mayeso a kaganizidwe atakolola n'kulandira ndalama kusiyana ndi asanakolole. Kumadzulo kwa Kenya, akatswiri a zachuma Esther Duflo, Michael Kremer ndi Jonathan Robinson anapeza kuti alimi ambiri anathira feteleza atapatsidwa mwayi wolipiriratu atangokolola, koma mwayi wofananawo utabwera mochedwa sunakope ambiri chotero. Mwezi wokha umasintha yankho. Komabe tikungothamangira chilimwe chifukwa misewu ndi youma, galimoto sititimira. Ulesi basi.

Bambo wina amene anali pabwalopo anandipeza pamsika, akuseka. "Alangizi, tsiku lija ndinaloza mbewu poti tcheyamani wa kalabu anali pambali panga. Zikanakhala zanga ndalama zija, bwenzi nditagula ndowa ya chimanga."

Zotsatira zake mukuzidziwa. Bungwe likhulupirira lipoti, liwunjika mbewu kwa ogulitsa zipangizo zaulimi, mbewuyo n'kukhala m'sitolo mpaka mvula kutha. Pomaliza wonyozedwa ndi mlimi, ati safuna kusintha.

Zochita n'zosavuta. Pitani nthawi imene chisankhocho chimachitikadi, ngakhale kuli matope. Ngati mukupereka kangachepe, perekani patatsala masabata angapo kuti kasanduke ndalama ya pakhomo. Funsani munthu payekha, amfumu ndi tcheyamani ali kutali, ndipo mayi musamufunsire kwa bambo. Mu Januwale mubwererenso mukaone zimene zamera m'munda.