Momwe Mungakonzere Buku la Nkhani Zazifupi ndi Ndakatulo Lotsamira pa Mitundu ndi Zamumtima

Buku losonkhanitsa nkhani zazifupi ndi ndakatulo za alembi osiyanasiyana lili ngati mtolo wa nkhuni, umene umamwazikira pamutu ngati palibe luzi loumanga. Mitundu, monga kufiira, kuda, kuyera ndi kubiriwira, ikhoza kukhala luzi lolimba ikalumikizidwa ndi zimene munthu amamva mumtima. Ntchito yaikulu ya inu mkonzi ndi kuonetsetsa kuti mtunduwo ukugwiradi ntchito m'nkhani iliyonse, chifukwa alembi ena amangoupaka pamwamba pofuna kuti nkhani yawo ipeze malo m'buku.

Yambani ndi kusankha mitundu inayi kapena isanu yokha, ndipo uliwonse udzakhale chigawo chakechake. Posankhapo musatengere zimene anthu akunja anagwirizana, zoti mtundu wakutiwakuti ndi wa chisoni ndipo wakutiwakuti ndi wa chikondi, popeza owerenga anu ali kale ndi kamvedwe kawo. Kuno timada nkhawa, timadana, ndipo namfedwa amavala nsalu yakuda, komabe mlimi amene wabzala chimanga mu Disembala amasangalala akaona mtambo wakuda ukubwera. Kuyera kuli pa diresi la mkwatibwi, pa ufa wothirira nsembe, pa bulauzi ya amayi a Mvano, komanso pa nsalu yokulungira mtembo. Maso amafiira ndi mkwiyo, amafiira ndi kulira, amafiiranso ndi utsi wa kukhitchini. Nchifukwa chake si bwino kumangirira mtundu umodzi ku chinthu chimodzi chamumtima. Mukalemba kuti chigawo cha kuda ndi cha chisoni basi, mudzalandira nkhani za maliro zokhazokha, ndipo mudzataya ndakatulo ya mlimi uja.

Ganiziraninso zimene mitundu ina imatanthauza pabwalo la ndale ndi la masewera. M'Malawi muno chikasu chimakumbutsa anthu chipani cha UDF, buluu cha DPP, olenji cha PP, pamene kwa okonda mpira kufiira ndi kwa Bullets ndipo buluu ndi wa Wanderers. Mbendera ya dziko ili ndi kuda koimira anthu, kufiira koimira magazi a omenyera ufulu ndi kubiriwira koimira chonde cha dziko, ndipo itasinthidwa mu 2010 mikangano inakula mpaka yakale ija inabwezeretsedwa mu 2012. Zonsezi ndi nkhokwe yabwino ya nkhani, koma mkonzi azidziwiretu, makamaka posankha mtundu wa chikuto, kuopa kuti buku la ndakatulo lingaoneke ngati kabuku ka kampeni.

Kenaka lembani uthenga woitanira alembi, ndipo ukhale womveka bwino moti wophunzira wa kusekondale asavutike nawo. Tchulani mitundu imene mwasankha, chilankhulo, tsiku lotsekera, ndi kutalika kwa zolemba. Kwa buku laling'ono, nkhani ya mawu pakati pa 1,500 ndi 2,500 ndi ndakatulo yosapitirira mizere 40 zimakwanira, ndipo miyezi itatu ndi nthawi yabwino yoti munthu alembe mosathamanga. Fotokozaninso kuti mukufuna mtunduwo uonekere pa chinthu chogwirika, monga chitenje, dothi, chipatso kapena khoma la nyumba. Nenani poyera ngati alembi adzalandira ndalama kapena mabuku okha, ndipo ine ndikuona kuti n'kulakwa kulipiritsa mlembi kuti ntchito yake iwerengedwe. Uthengawo muufalitse kudzera ku bungwe la alembi la Malawi Writers Union, m'makalabu a alembi a m'masukulu, pa wayilesi, pa Facebook ndi pa WhatsApp. Landiraninso zolembedwa pamanja, chifukwa alakatuli ambiri aluso alibe kompyuta.

Posankha ndi pamene buku limapangika kapena kuonongeka, choncho apa m'pofunika kudekha. Munthu mmodzi achotse mayina a alembi n'kuikapo manambala, kenaka anthu atatu awerenge aliyense payekha asanakumane, kuti ubale, ulemu wa kwa akuluakulu ndi kutchuka kwa mlembi zisalowerere. Muyeso wosavuta ndi wakuti muchotse mawu onse otchula mtunduwo, n'kuwerenganso. Ngati nkhani yatsala momwe inalili, mtunduwo unali wongopaka. Mudzalandira ndakatulo zambiri zongondandalika kuti kufiira ndi magazi, kufiira ndi moto, kufiira ndi chikondi, ndipo zoterezi sizikhudza mtima wa munthu ngakhale zitamveka bwino pozilakatula. Yerekezani ndi nkhani ya mayi amene wapeza malaya a malemu mwamuna wake ali ndi fumbi la katondo m'kolala, fumbi la kumunda kumene anagwako, ndipo wayika malayawo m'beseni koma akulephera kuthiramo madzi. M'nkhani yotereyi mawu oti chisoni sangafunike n'komwe, ndipo mukachotsa katondoyo nkhani yonse yagwa. Zolemba zamtundu umenewu ndizo muzisaka, ngakhale zitabwera ndi zolakwika za kalembedwe, popeza kalembedwe kamakonzeka koma nkhani yopanda mtima ilibe mankhwala.

Zikhoza kuchitika kuti chigawo china chalandira zolemba zabwino zambiri pamene china chalandira ziwiri zokha. Musadzazire malo ndi zolemba zofooka pofuna kuti zigawo zifanane kukula. Chigawo chachifupi sichichititsa manyazi, ndipo ngati mpata ulipo mukhoza kupempha mlembi amene mumamukhulupirira kuti alembepo china.

Pokonza, tsatirani malamulo amodzi a kalembedwe ka Chichewa kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, ndipo pamene mwakayika funsani mtanthauziramawu kapena akatswiri a zilankhulo a ku Centre for Language Studies ku Zomba. Koma mawu olankhulidwa ndi anthu a m'nkhani muwasiye momwe alili, chifukwa agogo a ku Dedza ndi mnyamata woitanira minibasi ku Limbe salankhula mofanana, ndipo kuwafananitsa n'kupha nkhani. Pa ndakatulo musasunthe mzere kapena kusintha podulira popanda kufunsa mwini wake. Zonse zimene mwakonza mumutumizire mlembi avomereze musanapite nazo kosindikiza.

Kasanjidwe kafunanso nzeru. Tsegulani buku ndi nkhani yamphamvu imene imakoka munthu msanga, ikani ndakatulo pakati pa nkhani zitalizitali kuti wowerenga apumeko, ndipo musatsatizanitse nkhani zitatu za imfa. M'chigawo chimodzi mukhale mkwiyo, nsanje ndi chimwemwe moyandikana, kuti wowerenga aone yekha kuti mtundu womwewo ukhoza kunyamula zinthu zosiyana. Patsamba lotsegulira chigawo pakhale dzina la mtundu lokha, popanda ndime yofotokoza tanthauzo lake, chifukwa kufotokozako kumalanda wowerenga ntchito yake.

Mlembi aliyense asayinire kalata yachilolezo yonena kuti ntchitoyo ndi yake, kuti umwini ukhalabe wake, ndiponso kuti wakulolani kuisindikiza m'buku limeneli, papepala kapena pa intaneti. Lamulo la umwini wa zaluso limene likugwira ntchito m'Malawi ndi la 2016, ndipo bungwe la COSOMA, loteteza umwini wa zaluso, likhoza kukuunikirani pa nkhani imeneyi. Nambala ya ISBN, yozindikiritsa buku lililonse losindikizidwa, imaperekedwa ndi National Archives of Malawi ku Zomba, komwenso lamulo limafuna kuti wosindikiza akasiyeko kope la buku lake likatuluka.

Kosindikiza, musakopeke ndi maganizo oti buku la mitundu liyenera kukhala ndi masamba amitundumitundu, chifukwa kusindikiza kotero kumakweza mtengo kwambiri ndipo buku limalephera kugulidwa ndi ophunzira. Masamba a saizi ya A5 osindikizidwa ndi inki yakuda amakwanira, ndipo mitundu ikhale pachikuto pokha. Pemphani osindikiza akupatseni kope limodzi loyeserera, chifukwa kufiira kumene mumaona pa kompyuta kumatha kutuluka kotuwa papepala. Kope limenelo liwerengedwe ndi munthu amene sanaonepo zolembazo, ayang'ane mayina a alembi, manambala a masamba ndi mizere ya ndakatulo imene yadukira tsamba lina, ndipo mulole kusindikiza ena onse pokhapokha zolakwikazo zitakonzedwa.