Momwe mungayankhire mafunso a fizikisi a maginito, magetsi a AC ndi mafunde a wailesi

Ndakhala pansi ndi ophunzira ambiri amene mafomula a mutu uwu amawaloweza ngati nyimbo, koma mayeso akabwera amakhoza theka lokha. Ndikayang'ana mapepala awo ndimapeza kuti masamu sanawavute. Chimene chawagwetsa n'chakuti amawerengera maginito ndi magetsi a AC (magetsi osinthasintha mbali imene akulowera) ngati akuwerengera batire la tochi, pomwe kuno funso lililonse limafuna mudziwe mbali imene chinthu chikulowera komanso nthawi imene chikufika. Tengani pensulo, tiyendere limodzi manambala enieni.

Choyamba: jambulani, kenako konzani miyezo

Musanakhudze kakyuleta, jambulani zimene funso likunena: waya, maginito, mivi yoonetsa mbali. Mukatero lembani nambala iliyonse m'miyezo imene mafomula amafuna. Masentimita 20 akhale 0.20 m, 127 mH akhale 0.127 H, 100 pF akhale 100 × 10⁻¹² F, ndipo 100 MHz akhale 100 × 10⁶ Hz. Izi zimatenga mphindi imodzi yokha, koma ndi pamene mamaki ambiri amatayikira.

Chachiwiri: pa maginito, funsani ngodya

Mu 1820, Hans Christian Ørsted wa ku Copenhagen anaona singano ya kampasi ikutembenuka itayandikira waya wodutsa magetsi. Apa m'pamene zinadziwika kuti karenti ndi maginito zimakankhana. Mphamvu imene imakankha wayayo timaipeza ndi F = BIL sin θ, pomwe B ndi kukula kwa maginito, I ndi karenti, L ndi utali wa waya, ndipo θ ndi ngodya ya pakati pa waya ndi mizere ya maginito.

Tinene kuti waya wotalika 0.20 m wanyamula karenti ya 5 A, ndipo wapingasa mizere ya maginito ya 0.4 T pa madigiri 90. Ndiye F = 0.4 × 5 × 0.20 × 1 = 0.4 N. Mukapendeka wayayo kuti ngodya ikhale madigiri 30, mphamvu imatsika kufika 0.2 N. Mukaugoneka motsatira mizereyo, palibe chimene chimaukankha. Ofunsa mafunso amakonda kubisa ngodya imeneyi m'chiganizo chomaliza, choncho werengani mpaka kumapeto.

Mbali imene waya ulowere muipeze ndi lamulo la Fleming la dzanja lamanzere. Tambasulani chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati, chilichonse chiloze kwake mopingasana. Chamkombaphala chiloze kumene mizere ya maginito ikupita, kuchoka ku N kupita ku S. Chapakati chiloze kumene karenti ikupita, kuchoka ku + kupita ku −. Chachikulu chikuuzani kumene waya akankhidwire. Musachite manyazi kupotokola dzanja m'chipinda cha mayeso. Amene amangoyerekezera m'mutu ndi amene amalemba mbali yolakwika.

Chachitatu: dziwani voteji imene mwapatsidwa

Magetsi a AC sakhazikika, amakwera n'kutsika, amapita n'kubwerera. N'chifukwa chake voteji yake ili ndi manambala awiri: ya pachimake, ndi ya rms imene mita imaonetsa. Ya rms ndi ya pachimake yogawidwa ndi √2. Magetsi olembedwa 230 V ndi a rms, ndipo pachimake amafika pafupifupi 325 V. Funso likangoti "magetsi a 200 V" osanena zambiri, tengani kuti ndi rms.

Chachinayi: seketi ya rezista ndi koyilo

Apa tikhalitsepo pang'ono, chifukwa ndi pamtima pa mutu wonse.

Michael Faraday anapeza mu 1831 kuti mphamvu ya maginito ikamasintha pafupi ndi waya, mu wayamo mumabadwa voteji. Koyilo (waya wokulungidwa mozungulira) ya mu seketi ya AC imadzichita yokha zimenezi: karenti ikasintha, maginito a koyilo amasintha, ndipo voteji imene yabadwayo imalimbana ndi kusinthako. Kulimbana kumeneku kumatchedwa reactance, ndipo XL = 2πfL, pomwe f ndi frequency (maulendo amene magetsi amapita n'kubwerera pa sekondi, mu Hz) ndipo L pano si utali koma inductance ya koyilo, nambala yake ya mu H.

Nali funso lathu. Rezista (chipangizo chochepetsa karenti) ya 30 Ω yalumikizidwa mondondozana ndi koyilo ya 0.127 H ku magetsi a 200 V, a 50 Hz. Pezani karenti.

Yambani ndi koyilo: XL = 2 × 3.14 × 50 × 0.127, zimene zikupereka pafupifupi 40 Ω. Tsono apa dzanja limathamangira kulemba 30 + 40 = 70. Ligwireni. Voteji ya pa rezista imayendera limodzi ndi karenti, koma ya pa koyilo imatsogola ndi madigiri 90, ndiye ziwirizi sizifika pachimake nthawi imodzi. Jambulani makona atatu: 30 chogona, 40 choimirira. Mbali yaitaliyo ndiyo impedance (Z), kulimbana konse kwa seketi ndi karenti, ndipo lamulo la Pythagoras likupatsani Z = √(30² + 40²) = 50 Ω. Karenti ndi 200 ÷ 50 = 4 A.

Onani tsopano chimene chimadabwitsa ambiri. Voteji ya pa rezista ndi 4 × 30 = 120 V, ya pa koyilo ndi 4 × 40 = 160 V. Mtsikana wina amene ndinkamuthandiza atafika apa anafufuta tsamba lonse, akuti 120 kuphatikiza 160 ndi 280, ndipo sizingatheke kuposa 200 V imene yalowa. Komatu anali atakhoza. Ndinamupempha ajambulenso makona atatu ndi 120 ndi 160, ndipo mbali yaitali inatuluka 200 ndendende. Kuyambira tsiku limenelo sanaiwalenso.

Akafunsa mphamvu imene ikugwiritsidwa ntchito, musangochulukitsa 200 ndi 4. Koyilo yangwiro imasunga mphamvu n'kuibwezanso, siiwononga. Imene imatentha ndi rezista yokha: P = I²R = 16 × 30 = 480 W. Mukagawa 480 ndi 800 (200 × 4 uja) mupeza 0.6, amene ndi power factor, yemweyonso ndi R ÷ Z. Gwiritsani njira ziwirizi pofuna kutsimikiza yankho.

Chachisanu: onjezani kapasita

Kapasita, chipangizo chosunga magetsi kwa kanthawi, imachita zosemphana ndi koyilo: voteji yake imatsalira m'mbuyo ndi madigiri 90, ndipo reactance yake ndi XC = 1 ÷ (2πfC), pomwe C ndi kukula kwa kapasitayo mu F (farad). Choncho ziwirizi zimachotserana, ndipo fomula yonse ndi Z = √(R² + (XL − XC)²).

Ikani kapasita ya 80 µF (80 × 10⁻⁶ F) mondondozana mu seketi yathu ija. XC ituluka pafupifupi 40 Ω, yofanana ndi XL. Zafafanizana, yatsala rezista yokha, Z yatsika kufika 30 Ω, ndipo karenti yakwera kufika pafupifupi 6.7 A. Taonani, mwawonjezera chipangizo koma karenti yachuluka. Zimenezi zimatchedwa resonance, ndipo zimachitika pa frequency imodzi yokha: f = 1 ÷ (2π√(LC)).

Chachisanu ndi chimodzi: kuchoka pa seketi kufika pa wailesi

Ine mbali imeneyi ndimaikonda kwambiri, chifukwa zonse zija zimakumana pano. James Clerk Maxwell anaonetsa ndi masamu cha m'ma 1860 kuti magetsi ndi maginito zimatha kuyenda limodzi ngati mafunde pa liwiro la kuwala, ndipo Heinrich Hertz anawapanga mafundewo n'kuwayeza ku Karlsruhe cha m'ma 1887. Muyezo wa frequency unatengera dzina lake.

Mukamazunguza kabatani ka wailesi yakale pofuna siteshoni, mumakhala mukusintha kapasita. Mlongoti umalandira masiteshoni ambirimbiri nthawi imodzi, koma seketi imakweza okhawo mafunde amene akugwirizana ndi resonance yake. Yesani ndi koyilo ya 250 µH ndi kapasita ya 100 pF. LC = 250 × 10⁻⁶ × 100 × 10⁻¹² = 2.5 × 10⁻¹⁴. Square root yake ndi 1.58 × 10⁻⁷. Chulukitsani ndi 2π, mupeza 9.93 × 10⁻⁷, ndipo 1 mukamugawa ndi nambala imeneyi akupatsani pafupifupi 1 000 000 Hz, kapena kuti 1 MHz. Werengerani pang'onopang'ono chonchi, osathira zonse m'kakyuleta kamodzi, chifukwa 2π amakonda kuthawira pamwamba pamene ayenera kukhala pansi.

Kutalika kwa funde kumachokera ku c = fλ, pomwe λ ndi kutalikako ndipo c ndi liwiro la kuwala, 3 × 10⁸ m/s. Pa 1 MHz, λ = 300 m. Pa siteshoni ya FM ya 100 MHz, λ = 3 m. Funso likafuna mlongoti wa kota ya funde, gawani ndi 4: pa FM ndi 0.75 m, utali womwe umafanana ndi kandodo kachitsulo kamene mumasolola pa wailesi. Yankho lanu la FM likatuluka makilomita kapena mamilimita, bwererani pa gawo loyamba lija mukafufuze 10⁶ amene mwamusiya.