Nati ya habu ya Beetle simangidwa ngati ya tayala

Zimenezi ndinaziphunzira pa msewu wa ku Zomba, ndili mu Volkswagen Beetle ya 1970 imene anandisiyira malemu bambo anga. Makanika wina anali atangosintha maberingi a kutsogolo, ndipo nati ya pa habu, chitsulo cha pakati pa tayala chimene mumakhala maberingi, anaimanga ndi mphamvu zake zonse, mpaka kulumikiza paipi ku sipanala. Tisanafike pa Namadzi habu inali itatentha yosagwirika, girizi akununkha ngati mafuta opserera m'chiwaya. Beringi yatsopano inathera pomwepo. Chiyambire tsiku limenelo ndimamanga ndekha, ndipo ndimachita motere.

Kwezani galimoto pa jeke, muikenso chochirikiza cholimba pansi pake. Jeke payekha ngwosadalirika. Chotsani wilikapu, kenako kachivundikiro kachitsulo kotsekera girizi. Ku tayala lakumanzere chingwe cha sipidomita chimatulukira pa kachivundikiroko, chogwidwa ndi kakilipu kakang'ono. Yambani mwachotsa kameneko n'kukaika m'thumba, chifukwa kakagwera m'fumbi ndiye kapita.

Nati yake ndi yong'ambika mbali imodzi, ndipo ili ndi kabawuti kofinya komasulidwa ndi Allen key (kasipanala kopindika kolowa m'mutu mwa bawuti) ya 6 mm. Masulani kabawutiko kaye. Apa mverani: ku tayala lakumanzere mazinga a natiyo ndi otembenuka. Kumene dzanja linazolowera kuti n'komasulira, kumeneko n'komangira. Ine ulendo woyamba ndinatuluka thukuta ndikuganiza kuti natiyo yachita dzimbiri, pamene ndinali kuimanga.

Tsopano ntchito yeniyeni. Dzanja limodzi lizizunguza tayala, linalo lizimanga nati pang'onopang'ono ndi sipanala yaifupi, mpaka mumve kuti tayala layamba kulemerako. Kuzunguzako n'kofuna kuti timagudumu ta m'beringi tikhale bwino pamalo pake. Mukatero bwezani natiyo pang'ono. Kuseri kwake kuli washala. Ikani nsonga ya sikuludiraiva m'mphepete mwake n'kukankha ndi zala zokha, osapinda kapena kutsamira pa habu. Washalayo azisuntha, koma monyinyirika. Akakana, mwamangitsa. Akamangotsetsereka, mwamasulitsa. Amene ali ndi geji yoyezera, mpata wofunika ndi wapakati pa 0.03 ndi 0.12 mm, waung'ono ngati kunenepa kwa tsitsi. Chitsulo chikatentha chimafufuma, ndipo kampata kameneko ndi kamene kamapulumutsa beringi.

Mangani kabawuti kofinya kaja kuti kagwire bwino, koma osakakamiza, ndi kakang'ono. Kenako muyesenso washala, chifukwa nthawi zina nati ikafinyidwa mpata umasintha. Ambiri amalumpha pamenepa, ine ayi.

Gwirani tayala pamwamba ndi pansi, muligwedeze. Kugwedera kongomveka patalipatali m'zikhatho kulibe vuto. Koma likamati gugudu-gugudu pamene washala ali bwino, musalimbane ndi nati. Uzani mnzanu aponde mabuleki: kugwederako kukapitirira, vuto lingakhale ku ma ball joint, mfundo zachitsulo zimene tayala limakhoterapo.

Bwezerani kachivundikiro pokagogoda mopepuka, kumanzere mutalowetsa kaye chingwe pabowo lake, kakilipu kabwerere. Yendani makilomita angapo osagwiritsa ntchito mabuleki kwambiri, imani, mukhudze habu ya tayala lililonse la kutsogolo. Kufunda n'kwabwino. Mbali imodzi ikakuwotchani chala, bwererani kunyumba pang'onopang'ono mukayambirenso.