Ndalama ya pa Facebook ili m'khola mwanu

Achinyamata a ku Nchalo, Ngabu ndi Bangula sakusowa funso akakumana ndi mlangizi masiku ano: kodi Facebook kapena YouTube imalipira bwanji? Makampani amenewa salipira munthu wongoyamba kumene. YouTube, mwachitsanzo, imafuna okutsatirani 1,000 ndi maola 4,000 oonera makanema anu m'miyezi 12 isanayambe kukugawirani ndalama za otsatsa malonda. Mabandulo angati adzathe musanafike pamenepo?

Ndalama yapafupi ndi ya wogula. Anthu a ku Blantyre amadziwa kuti mbuzi, ng'ombe, mlamba wowamba ndi nsomba za makakana zimakwera kuchokera kuno kuchigwa cha Shire, koma amagula kwa mavenda chifukwa mwini khola samudziwa. Foni ndiyo ingakudziwitseni kwa iwo.

Jambulani m'mamawa dzuwa lisanakule, chifukwa masana a kuno chithunzi chimangoyera mbee, foninso imatentha n'kuzima. Pukutani kaye galasi la kamera. Mbuzi iimirire pamalo osesa bwino, ioneke thupi lonse cham'mbali, osati mutu wokha uli pakati pa zinzake. Kenako tengani kanema wamfupi ikuyenda, wogula aone kuti sikutsimphina, ndipo muitsegule kukamwa aone mano, popeza wodziwa mbuzi amawerengera msinkhu pamenepo. Nsomba muziyale pamphasa yoyera, muikepo dzanja pambali kuti kukula kwake kuoneke.

Mtengo ulembedwe poyera, pamodzi ndi malo amene muli. Chizolowezi chonena kuti "mtengo ku inbox" chimangothamangitsa anthu. Wofuna mbuzi ya chinkhoswe Loweruka alibe nthawi yodikira kuti mutchaje foni. Ikani pa status ya WhatsApp ndi m'magulu a malonda a pa Facebook, ndipo katundu akagulidwa chotsani chithunzicho.

Amene ali ndi luso lojambula angathenso kutsatsira ena malonda, a saluni, a golosale kapena osoka zovala pa tauni, n'kumalandira kangachepe pa kanema aliyense. Musachite manyazi kulankhula Chisena kapena Chimang'anja. Abale athu amene ali ku Lilongwe ndi ku Johannesburg amaima akamva chilankhulo cha kwawo, ndipo ndi omwewo amene amatumiza ndalama yogulira makolo mbuzi.

Pa malipiro m'pamene ambiri alirira. Uthenga wonena kuti ndalama yalowa suvuta kupeka, choncho onani nokha balansi ya Airtel Money kapena Mpamba katundu asanakwere galimoto. PIN ndi yanu nokha, ngakhale woimbayo anene kuti ndi wa kukampani. Aja olonjeza malipiro a tsiku ndi tsiku mukamagawa ma link, bola muyambe mwalipira ndalama yolembetsera n'kukokanso anzanu, asiyeni. Ndalama imene amapatsa oyambirira ndi ya olowa pambuyo, ndipo olowa akachepa amatseka n'kusowa.

Kumbukiraninso kuti lamulo la 2016 loona za pa intaneti limalanga wonyoza kapena kuopseza mnzake pa masamba a mchezo. Ndipo musanalonjeze wogula tsiku, pitani kwa alangizi a ziweto mukatenge chiphaso choyendetsera chiweto. Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka ku Chikwawa kapena ku Nsanje, boma limatseka misika ya ziweto ndi kuletsa kuzitulutsa m'derali.