Mmene mungawerengere miyala ya pamanda ya Aroma akale

Dzulo mvula ija itatitsekera pa shopu ku Katoto, mnzanga wa ku Mzuni anandionetsa pa foni zithunzi za maguwa a mwala wa mabo omwe Aroma ankaika pamanda, akuti palibe chomwe akutolapo. Koma nzophweka, bola mudziwe kuti anthu aja ankadula mawu ngati mmene timachitira ife pa WhatsApp.

Yambani pamwamba. Mukaona D M ndiye Dis Manibus m'Chilatini, chilankhulo cha Aroma, kutanthauza kwa mizimu ya akufa, si dzina la munthu ayi. Kenako pamabwera dzina la malemu, ndipo chilembo L chikakhala pakati pa maina nthawi zambiri ndi libertus, kapolo amene anamasulidwa, F ndi filius, mwana wa uje. VIX ANN XXV ndiye kuti anakhala zaka 25, ena ankalemba mpaka miyezi ndi masiku makamaka akakhala mwana, apa ndiye mtima umawawa ndithu. Samalani ndi V, amaimiranso U, IVLIA ndi Iulia.

Chakumunsi kumakhala amene anaikitsa mwalawo, mkazi kaya makolo, ndi B M, bene merenti, kuti malemuwo anali oyenera. Mukatero suzumirani m'mbali mwa guwalo, nthawi zambiri ankasemamo uku kajagi uko kambale, ziwiya zothirira nsembe.