Mukafuna kukaona mahatchi akuthamanga ku Greyville

Abale akabwera kuno ku Durban kuchokera kumudzi, mtima wawo umakhala pa nyanja basi. Ine ndimawatengera kaye ku Greyville. Bwalo la mahatchili lili m'kati mwenimweni mwa mzinda, kufupi ndi Botanic Gardens, ndipo kuchokera ku Warwick kokwerera matakisi si kutali. Ndi lalikulu moti pakati pake pali bwalo la gofu lathunthu.

Ngati ndi ulendo wanu woyamba, musasankhe tsiku la Durban July, mpikisano waukulu wa mahatchi wa chaka ndi chaka, lomwe limakhala Loweruka loyamba la Julayi. Tsikulo khamu limachita kuthinana, matikiti amadula, ndipo ambiri amabwera kudzaonetsa zovala. Hatchi mudzangoionera pa sikirini ngati muli kunyumba. Yang'anani pa intaneti tsiku la mipikisano wamba. Ina imachitika usiku magetsi ali ngwee, ndipo imeneyo ndiye ndimaikonda.

Fikani msanga, mupeze kabuku kolembamo mayina a mahatchi, manambala ake ndi owakwera. Kenako musathamangire pampando. Pitani pamene amazungulitsa mahatchi asanalowe mumpikisano, eni ake amati parade ring. Pamenepo hatchi imakudutsani pafupi kwambiri, mpaka mumaona misempha ikutukuka pakhosi, ina itachita thovu la thukuta isanathamange n'komwe. Muonenso anyamata ogwira zingwe aja, mmene amailankhulira motsitsa ikayamba kuvuta. Amenewo ndiwo amadzuka kusanache kukaisambitsa ndi kuidyetsa.

Mahatchi akamapita koyambira, inu tsikani mukaime pampanda pafupi ndi pomalizira. Mlamu wanga nditapita naye, ankangocheza pafoni mpaka gulu lija litakhota ngodya yomaliza. Mdidi wa ziboda utamveka m'mapazi, anandigwira dzanja mwamphamvu osalankhula kanthu.

Nthaka mwaimapoyo ili ndi mbiri yake. Durban July inayamba mu 1897, ndipo hatchi yotchedwa Campanajo ndiyo inapambana, n'kubwerezanso chaka chotsatira. Poyamba ankathamanga mamita pafupifupi 1600, koma kuyambira 1970 ndi mamita 2200. Akuluakulu omwe mungakhale nawo pafupi sachedwa kutchula hatchi yotchedwa Sea Cottage. Mu 1966, kutangotsala masabata ochepa kuti July ichitike, munthu wina anaiwombera ndi mfuti chifukwa cha ndalama za kubetcha. Inathamangabe chipolopolo chili m'thupi, n'kumaliza pa nambala 4. Mu 1967 inafika pamzere limodzi ndi Jollify, zonse ziwiri n'kupambana. Koma ine chimene chimandigwira mtima ndi cha 2013, pamene S'manga Khumalo wa ku KwaMashu anapambana atakwera Heavy Metal. Iye ndiye munthu wakuda woyamba kupambana July, patapita zaka 116 anthu akuda akugwira zingwe m'makola.

Za kubetcha ndinene mosabisa. Simukakamizidwa, ndipo ana osakwana zaka 18 saloledwa kubetcha. Mukafuna kuyesa, pawindo mumatchula nambala ya mpikisano, ndalama, mtundu wa beti ndi nambala ya hatchi. Win ndiye kuti hatchi yanu ikhale yoyamba, place ndiye kuti ingokhala m'gulu la zotsogola. Patulani kandalama kochepa musanachoke kunyumba, ya thiransipoti muike thumba lina, ndipo yotumiza kumudzi isafike n'komwe kubwaloko. Ndinaonapo bambo wina atakhala pamasitepe, timapepala tong'ambika tili mbwee pamapazi pake, akupempha yokwerera. Zinandipweteka.

Mukapita usiku, konzeranitu galimoto yokutengani pageti pomwe. Musayende wapansi kulowera ku Warwick mdima utagwa.